Andrea ndi dzina la mwamuna kapena la mkazi?

Nangozo: Ndithandizeni abale. Kuntchito andipatsa imelo yoti ndiyankhe, yochokera ku kampani ina ya ku Italy, ndipo wolembayo wangosaina kuti Andrea basi. Ine ndimadziwa kuti dzina lachizungu lothera ndi "a" limakhala la mkazi, koma mnzanga wa mu ofesi akukanitsitsa. Ndiyambe ndi Mr kapena Ms? Bwana aiwerenga isanapite, ndiye sindikufuna kuchita manyazi pa mzere woyamba.

Gama77: Mnzanuyo wakuuzani zoona achemwali. Ku Italy Andrea ndi dzina lachimuna. Mwamuiwala Andrea Pirlo, wa tsitsi lalitali uja, amene anatenga World Cup ndi Italy mu 2006? Woimba Andrea Bocelli nayenso ndi bambo. Ndi dzina lomwe lija la Andireya, m'bale wake wa Petulo. Mukangodutsa malire kulowa ku Austria kapena Germany, Andrea ndi mayi, mwamuna amati Andreas. Ataliyana ali nawo ambiri otere. Nicola kwawo ndi mwamuna, pomwe Nicola Sturgeon amene anatsogolera boma la Scotland kuyambira 2014 mpaka 2023 ndi mayi. Simone Inzaghi ndi bambo wophunzitsa mpira, Simone Biles wa ku America ndi mkazi. Lembani Mr mtima uli m'malo.

Mai_a_Tadala: Za "a" zimenezo zisiyeni ndithu. Nikita Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union uja, anali mwamuna. Sasha ku Russia ndi chidule cha Aleksandr komanso cha Aleksandra. Kumeneko chimene chimakupulumutsa ndi dzina la banja: mwamuna ndi Ivanov, mkazi Ivanova. Koma amene amandizunguza mutu ine ndi a ku Spain. José María ndi mwamuna, monga Aznar, nduna yaikulu kuyambira 1996 mpaka 2004. Ungowatembenuza kukhala María José, ndi mkazi. Loyambalo ndi limene limalamula.

Chiphazi: A Gama, "mtima uli m'malo" mwafulumira nawo. Kampani kukhala ku Italy sikutanthauza kuti wolembayo ndi Mtaliyana. Atha kukhala mayi wa ku Germany kapena ku Hungary amene anapeza ntchito kumeneko. Ndiponso kumpoto kwa Italy, chigawo cha South Tyrol, anthu ambiri amalankhula Chijeremani, ndipo ma Andrea aakazi aliko. Ngakhale khothi lalikulu la apilo ku Rome linagamula mu 2012 kuti makolo angathe kutcha mwana wamkazi Andrea. A Nangozo, ingolembani "Dear Andrea". Iye mwini wasaina choncho, ndiye sangakwiye. Ngati bwana akukakamira ulemu, onani pansi pa imeloyo, mwina pali zidule za mawu aulemu a Chitaliyana onga Mr, Mrs ndi Dr: Sig. kapena Sig.ra, Dott. kapena Dott.ssa. Zothera ndi "a" pamenepo ndiye za amayi.

Nangozo: Zikomo nonse. Ndayang'ana pansipo, palibe Sig. kapena Dott. Pali nambala ya foni ndi adiresi ya ku Bolzano basi. Kodi Bolzano ili mbali iti?

Chiphazi: Ndiye likulu la South Tyrol limenelo! Mr musayerekeze n'komwe.