Fixie yatsopano, ndiyambe kusintha chani?

Moni gulu. Ndagula fixie yatsopano, njinga ija yopanda filiwilo yoti tayala likamazungulira mapedulo nawonso akuzungulira, mwendo supuma. Yabwera ndi giya ya mano 46 kutsogolo 16 kumbuyo, matayala a 700x25, buleki imodzi yakutsogolo ndi mapedulo apulasitiki opanda malamba. Ndimakhala ku Chilomoni ntchito ku Limbe nde zitunda za Blantyre mukuzidziwa, ndikumachita kuimirira mpaka mawondo kuwawa. Kandalama katsala nkochepa, ka zinthu ziwiri kapena zitatu basi, mtima ukufuna malimu akuya aja owoneka bwino koma mnzanga akuti ndiyambe ndachotsa buleki kuti izioneka ya fixie yeniyeni. Akuluakulu ndithandizeni, ndiyambe chani?

Makaniko wa njinga: Achimwene malimuwo aiwaleni kaye, sakukwezani chitunda, enanso ngolemera kuposa amene muli nawowo. Yambani ndi giya yakumbuyo, chotsani ya 16 muike ya 18. Pano mukapalasa kamodzi tayala likuzungulira pafupifupi katatu, mukaika 18 lizizungulira kawiri ndi theka, mwendo upepukidwa. Koma potsika mtsetse miyendo izithamanga kwambiri, muzolowera. Pogula onani tcheni chanu, chilipo chonenepa cha 1/8 ndi chopyapyala cha 3/32, giya ya 1/8 siilowa pa tcheni chopyapyalacho. Ndipo kamphete kotsekera giya kaja, lockring, mazinga ake ngobwerera, kamamangidwa mozungulira kumanzere. Wokonza njinga za kabaza ngati sanaionepo akhoza kukuonongerani habu, chapakati pa wilo chija pomangapo giya, ndi hamala, muimirire pomwepo akamamanga.

Mlongo wa ku Zomba: Bulekiyo musachotse chonde! Mnzanuyo sadzakhalapo minibasi ikadzaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu. Tcheni chikangoduka kapena kuvuka pa mtsetse mulibenso poimira. Ine ndikanayamba ndi malamba a mapedulo, phazi likaterereka pa fixie pedulo siyidikira, imabwera kudzakumenyani pa msongolo.

Wofunsa: Zikomo achemwali, buleki ikhala. Nanga 17 siyingachite akulu? 18 ndikuopa kuti pa Chipembere Highway ndizingopalasa mphepo

Makaniko wa njinga: 17 ndi yabwino ngati mwendo ulipo, ndipo ngati mumakonda kukwekwereza tayala poima ndiyo yeniyeni, 46 ndi 17 tayala limadyeka malo 17 osiyana, pomwe 46 ndi 16 ndi malo 8 okha. Amene amaika 48 ndi 16 aja tayala limadyeka malo amodzimodzi mpaka kubooka. Koma mwati mawondo akuwawa, nde ine ndikuti 18. Onaninso habu yanu, zambiri zimakhala ndi mazinga mbali zonse ziwiri, mbali inayo mutha kuikako filiwilo, tsiku lotopa mwangotembenuza tayala ndi sipanala ya 15.

Wa ku Joni: Aise matayala. Amene amabwera ndi njinga zatsopanowa amaphulika msanga, ika onenepako pang'ono a 700x28 ngati felemu ili ndi mpata, Gatorskin kapena Schwalbe Marathon, ngodula koma umaiwala zomata. Chubu ya 700 uziyenda nayo yako mchikwama ndi pampu yogwira valavu yopyapyala ija, si paliponse ungaipeze. Chishalo usasinthe pano, chikweze kaye kuti bondo lizipinda pang'ono pedulo ikafika pansi, mwinanso mawondowo vuto ndi limenelo.

Wofunsa: Nde giya ya 18, malamba, matayala ndikalandira. Tcheni ndichimange bwanji ndikasintha?

Makaniko wa njinga: Chizisewera pang'ono, ngati sentimita imodzi mukachikankha ndi chala pakati. Zungulizani pedulo mupeze pomwe chalimba kwambiri muyezere pamenepo, ndipo zala kutali ndi mano tayala likamazungulira.