Ndinasiya kusaina ma alawansi abodza chifukwa cha Yesu, koma phindu lake sindikuliona

Wotopa265:
Moni nonse. Ndikufuna anthu opemphera mundiyankhe mosabisa mawu, osati zija zongoti "Mulungu ndi wabwino nthawi zonse" kenako mwadutsa. Ine ndimagwira ntchito ku akaunti pa ofesi ina muno mu Lilongwe. Chitembenukire mtima ndinasiya kusaina ma alawansi a mawekishopu omwe sindinapiteko, mukudziwa mmene zimakhalira, wekishopu yachitikira ku Salima kapena ku Mangochi papepala pokha, fomu yangobwera pa desiki, aliyense kusaina ndalama nkugawana. Ine ndinawauza abwana kuti dzina langa asamaliikepo. Kuyambira pamenepo ngakhale maulendo enieni sandiikanso, ndikalowa mu ofesi nkhani imatha pompo, ena amanditchula kuti "abusa" monyoza. Salale yokha siifika pakati pa mwezi, renti yakwera, mwana wamkulu ali Fomu 3 fizi ndikulipira modukizadukiza. Mayi akunyumba sakudandaula ndi pakamwa koma nkhope ikunena zonse. Amalume anga anandiuza pamaliro anthu akumva kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira, iwe ndiwe mbuzi yamtundu wanji.

Chomwe chikundiwawa kwambiri nchakuti anzanga osainawo akumanga nyumba ku Area 49 ndipo Lamulungu amakhala mpando wakutsogolo, mmodzi ndi mkulu wa mpingo kumene. Chakhumi ndimapereka, mapemphero sindijomba. Ndiye funso langa ndi lakuti, munthu ukadzipereka ndi mtima wonse umapezapo chani? Kapena zonse nzakumwamba basi?

Favour_wa_Yahweh:
Achimwene gwiritsitsani, breakthrough yanu ili pakhomo!! Yosefe anakana tchimo kwa Potifara nkulowa mundende koma mapeto ake anakhala nduna yaikulu ya Aigupto yense. Salani kudya, bzalani mbewu yachikhulupiriro, chaka chino chisanathe mudzabwera pompano ndi umboni wa promotion. Amen

Mdzukulu_wa_ku_Ntcheu:
Mlongo wanga Favour pepani koma musamulonjeze munthu zinthu zomwe Mulungu sanamulonjeze, promotion ikapanda kubwera chaka chino mudzamuyankha ndinu? Yosefe anatulukadi mundende koma Yohane Mbatizi naye analowa mundende chifukwa chonena zoona kwa Herode ndipo chinatulukamo ndi mutu uli m'mbale. Onsewa ali m'Baibulo lomweli.

Ine ndinakulira m'banja la a Mboni za Yehova, panopa sindisonkhana nawo koma nkhani ya agogo anga imandikhalabe pamtima. Boma la Kamuzu linaletsa a Mboni mu 1967, nkhani yaikulu inali yokana kugula kadi ya chipani cha MCP. Kakadi kotchipa, kakuti ukanangogula nkukaika pansi pa mphasa palibe akanadziwa za mumtima mwako. Anyamata a Youth League ndi a Payoniya ankaima pakhomo la msika ndi pokwerera basi, wopanda kadi sulowa. Mu 1972 zinafika poipa, a Mboni anachotsedwa ntchito, nyumba kuotchedwa, anthu kumenyedwa, ambirimbiri anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndipo kumeneko ana ambiri anamwalira ndi matenda, ena anakakhala m'makampu ku Mozambique, ena anakatsekeredwa ku Dzaleka komwe lero kuli anthu othawa kwawo kuja. Chiletso chinadzachotsedwa mu 1993. Agogo anga aamuna anasiya munda, nkhokwe yodzaza ndi ng'ombe zawo, pobwerera anapeza munda anthu ena akulima ndipo mpaka kumwalira sanapezenso zomwe anataya, anamwalira m'nyumba yaudzu.

Ndiye mukandifunsa kuti anapindulanji ndalama ayi, ziro. Chomwe ndinaona ndi maso anga nchakuti mkuluyo sankaopa munthu. Amfumu, apolisi, mkulu wachipani, ankalankhula nawo maso ndi maso mawu osanjenjemera chifukwa panalibenso chomuopseza nacho, zonse anali atamulanda kale. Ndipo pamudzi pakakhala ndalama zoti wina asunge, za chitukuko kapena za maliro, anthu omwe aja ankamuthamangitsa ndi amene ankati akasunge ndi agogo angawo. Mungatsutse chiphunzitso chawo mmene mungafunire koma chimenecho chokha sindingachinyoze.

Bra_K_Joburg:
Ine sindine wopemphera kwambiri ndiye ndilankhula ngati munthu wamba. Aise, zimene ukukanazo si nkhani ya tchalitchi yokha, nkuba kumene. Cashgate ya 2013 ija inali yomweyi, kulipira zinthu zomwe sizinachitike, kusiyana kwake nkukula kwa ndalama basi, ndipo ena mwa omwe anakalowa kundende anali anthu a ku akaunti ngati iweyo. Tsiku lobwera ma auditor kapena a ACB, bungwe lothana ndi katangale lija, siginecha yako sidzapezekapo, pamenepo wapeza kale kenakake. Koma funso langa ndi ili, unakhala nawo pansi alamu usanapange chiganizochi? Chifukwa mtanda wanyamula ndiwe koma wokagula ndiwo pamsika ndi ndalama zoperewerazo ndi iwowo. Anthu opempheranu nthawi zina mumapanga zinthu nokha ndi Mulungu wanu, ovutika nazo nkukhala ena omwe sanafunsidwe nkomwe.

NaBanda_wa_Mvano:
Mwana wanga Wotopa, funso lakoli si lachilendo ndipo usachite nalo manyazi, Petro analifunsa kale. Kawerenge Marko 10 kuyambira vesi 28. Petro akuti ife tasiya zonse nkukutsatani. Yesu sanamudzudzule kuti wafunsiranji, anamuyankha kuti wosiya nyumba, abale, alongo, amake, ana kapena minda chifukwa cha Iye adzalandira zochuluka kuchulukitsa ka 100 nthawi ino yomwe, pamodzi ndi mazunzo, kenako moyo wosatha. Mawu oti pamodzi ndi mazunzowo aneneri a masiku ano amawadumpha akamawerenga.

Tsono taganiza bwino, munthu angalandire bwanji amayi 100? Wokubala ndi mmodzi. Ine mmene ndimamvera, nyumba ndi abale ochulukawo ndi mpingo, ndi ifeyo. Malipiro a pansi pano Mulungu anawaika m'manja mwa Akhristu anzako. Amuna anga atamwalira achibale awo anabwera kudzatenga katundu mpaka makina osokera, ndipo panali akuluakulu ena omwe ankakakamira zoti ndichite mwambo wa kulowa kufa, ine ndinakana. Anandisiya ndi ana ndi mapoto. Amene anabwera anali amayi a Mvano, wina ndowa ya chimanga, wina sopo, wina anatenga mwana wanga wamkazi nkumusunga kwake mpaka analemba mayeso a Fomu 4. Sindinalemere, mpaka lero ndimagulitsa mandasi ndi zitumbuwa, koma pakhomo panga sipanagonedwe ndi njala masiku awiri otsatizana.

Ndiye ngati iwe ukuvutika chifukwa chokana kuba ndipo mpingo wako sukudziwa, kapena ukudziwa koma ukungoombera m'manja wosaina uja chifukwa anagula malata a tchalitchi, amene walephera ndi mpingo. Pita kwa abusa ako ukawauze zonse mmene watiuzira panomu, ndi za fizi zomwe, usakabise. A kumlaga kwanu adziwenso. Amuna inu vuto lanu mumafuna kuoneka olimba, mumavutika mwakachetechete kenako mumati Mulungu wakhala chete. Ndipo zomwe wanena mnyamata wa ku Joni uyo nzoona, khala pansi ndi mkazi wako, mwina pali kabizinesi komwe mungayambe awiri, kupemphera sikuletsa kugulitsa tomato.

Wotopa265:
Zikomo nonse, Mayi NaBanda zikomo kwambiri. Bra K, tinakambirana ndipo anavomera, koma nthawi imeneyo tonse tinkaganiza kuti nza miyezi yochepa chabe zidzasintha. Kwa abusa ndipita koma vuto ndi lakuti mkulu wa mpingo ndamutchula uja ndi amene amasunga chuma cha mpingo ndipo amadya nawo limodzi pafupifupi sabata iliyonse. Ndikawauza zonse ndiye kuti ndamuneneza mnzangayo, ndikabisa mbali imeneyo abusa sadzamvetsa chifukwa chomwe munthu wapantchito ngati ine ndikulephera fizi. Alipo anadutsamo mu zotere? Munayamba ndi ndani?