Giredi ya pa timabokosi takale ta PCGS ndi NGC: tiikhulupirire mpaka pati?

Wa pa Kamwendo

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa boma pa Mchinji pakugulitsidwa makobidi atatu, onse otsekeredwa m'timabokosi ta pulasitiki ta makampani oyeza makobidi a PCGS ndi NGC, timene amalonda amati slab. Loyamba ndi dola ya siliva ya ku America, Morgan ya 1881-S, m'kabokosi kakang'ono ka PCGS kamene khobidi limagwedera mkati, giredi MS64. Lachiwiri ndi pond, khobidi la golide la ku South Africa la nkhope ya Pulezidenti Kruger, ya 1898, PCGS ya kapepala kobiriwira, AU58. Lachitatu ndi peni ya bowo ya Rhodesia and Nyasaland, ya njovu ziwiri ija, m'kabokosi konenepa ka NGC, MS64 RD. Mwini wake akuti kale ankayeza mokhwima, ndiye lililonse likatumizidwanso lero likwera ndi giredi imodzi, ndipo mtengo akuutchula ngati lakwera kale. Ndi zoona zimenezi, kapena ndi pakamwa pa wamalonda chabe? Nanga munthu angaone bwanji popanda kuswa kabokosi?

Wa ku Santhe

Achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lipirani giredi yolembedwa pa kapepala. Inayo palibe anaisainira.

Komabe wogulitsayo sakunama zonse. Muyezo wa manambala 1 mpaka 70 anauyambitsa William Sheldon mu 1949. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi MS, khobidi losayendapo pa msika. 50 mpaka 58 ndi AU, loperepeseka pang'ono chabe pamalo otukuka. PCGS inayamba mu 1986, NGC mu 1987. Kabokosi kogwedera mukunenako amakatcha rattler, ndipo ndi ka 1986 mpaka 1989. Ka pepala lobiriwira kanatsatira n'kufika mu 1998. Konenepa ka NGC ndi ka kumapeto kwa m'ma 1980 ndi koyambirira kwa m'ma 1990. Odziwa makobidi a ku America ambiri amavomereza kuti zaka zimenezo oyeza ankaumira manambala, maka pa MS65. Pambuyo pake muyezo unafewa pang'onopang'ono, poti anayamba kuwerengera kwambiri kukongola kwa khobidi ndi mtengo umene lingapeze pa msika.

Vuto ndi loti zimenezi zinadziwika kalekale. Kwa zaka zoposa 30 pali amalonda amene ntchito yawo ndi kuyendayenda m'misika ya makobidi, galasi lokulitsa lili m'manja, kusakasaka timabokosi takale, kuswa timene khobidi lake likuoneka kuti linaponderezedwa, n'kutumizanso. Ena khobidi limodzi amalitumiza kangapo mpaka litakwera. Choncho khobidi limene lidakali m'kabokosi ka 1988, chonsecho ladutsa m'manja mwa amalonda angapo, lili ngati mango otsala pa mtengo wa m'njira ya ana asukulu. Ngati akadalipo, pali chifukwa.

Chinanso, chizindikiro cha + chinabwera mu 2010. MS64 yabwino ya kale lero ikhoza kungobwerera ili MS64+, osafika pa 65.

Za Morgan yanuyo sindingataye nazo tulo. Madola a 1881-S anadindidwa bwino kwambiri ku San Francisco, ndipo matumba ake ambiri anakhala m'nkhokwe za boma la America osakhudzidwa mpaka m'ma 1960. A MS65 alipo ambirimbiri, motero kusiyana kwa mtengo pakati pa 64 ndi 65 n'kochepa. Ndalama yotumizira kuchokera kuno, ya inshuwalansi ndi ya kuyezako idya phindu lonse ngakhale litakwera. Komanso pali anthu amene amatolera timabokosi ta rattler teniteniwo ndipo amawonjezera ndalama chifukwa cha iko. Mukakaswa, ndalama imeneyo yapita ndipo sibwerera.

Mayi wa ku Mtunthama

Bambo a ku Santhe afotokoza za oyeza. Ine ndiwonjezere za khobidi lenilenilo, chifukwa giredi imanena mmene linalili tsiku limene analitsekera, osati lero. Belo la fodya likalowa chinyontho pambuyo posankha, tikiti imakhalabe yomweyo koma ogula ku Chinkhoma sagula tikiti.

Timabokositi amatimata polumikizira, koma mpweya ndi chinyezi zimalowabe pang'onopang'ono. Chimene chimavutika koposa ndi mkuwa, ndiye peni ya bowoyo ndi imene ndikuikayikira kwambiri pa atatuwo. RD ndiye kuti kufiira kwa ku fakitale kudakalipo pafupifupi ponseponse, RB ndi kosakanikirana, BN ndi lodera kale. PCGS imaika malire a RD pa kufiira kwa 95 peresenti, a BN pa 5 peresenti. Peni yolembedwa RD zaka 30 zapitazo, itakhala nyengo zingapo za dzinja la kuno, kawirikawiri imakhala itayamba kuda m'mphepete ndi kuzungulira bowo. Mukaitumizanso ikhoza kubwerera MS64 RB kapena kutsikirapo, ndipo mtengo wa RB ndi wina. Makampaniwo amadziwa zimenezi: chitsimikizo cha NGC pa giredi ya makobidi a mkuwa chimatha pakapita zaka 10 kuchokera pamene anatsekera. Pa kabokosi konenepa chinatha kale.

Zoyang'ana pa peniyo ndi izi. Timadontho takuda ngati chitosi cha ntchentche nthawi zambiri timachokera ku malovu a munthu amene ankayankhula khobidi lili patsogolo pake lisanatsekeredwe. Timatuluka patapita zaka ndipo sitichoka. Chidindo cha chala nachonso chimayamba chosaoneka, kenako mizere yake imadera n'kudya chitsulo. Choopsa kwambiri ndi kobiriwira konata kapena kautsi kotuwira m'makona a zilembo. Kameneko ndi mafuta a pulasitiki yofewa ya PVC imene khobidi linasungidwamo kale. Akakumana ndi chinyezi amapanga asidi amene amaboola nkhope ya khobidi, ndipo amapitiriza ntchito yake m'kabokosi momwemo. Amachoka ndi mankhwala a acetone, koma khobidi liyenera kutuluka kaye. Acetone akakhudza kabokosi amakasungunula n'kukachititsa khungu.

Siliva ali ndi vuto lake. Khobidi loviikidwa m'mankhwala owalitsa n'kusatsukuluzidwa bwino limaoneka loyera tsiku loyeza, kenako limatuluka mawanga abulauni ngati madontho a tiyi. Pa golide, achinyengo ankapaka kaphula kopyapyala pa tsaya kuti abise zokalika. Poyamba sikaoneka, koma pakapita zaka kamasanduka kautsi kotuwa kapena kabuluu pamalo amodzi. Mukaona zotero pa tsaya la Kruger kapena pabwalo losalala patsogolo pa nkhope, musaganize n'komwe zokweza giredi.

Mukagula, musasunge pafupi ndi chigafa, kukhitchini kapena m'mwamba pansi pa malata. Ikani m'chitini kapena kontena yotseka bwino, muli timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, ndipo timapaketito muzitiumitsa kapena kutisintha mvula ikayamba ndi ikatha. Musamange timabokosi ndi malabala. Labala ali ndi salufa, yemwe amadetsa siliva ndi mkuwa.

Wa pa Mkanda

Akulu a ku Santhe, za mango ndikugwirizana nanu theka. Kusankhasankha kumeneko kunachitika kwambiri pa makobidi a ku America, m'misika ya ku America. Khobidi limene linagulidwa kamodzi m'ma 1990 n'kugona m'thiranki la munthu ku Joni kapena kuno silinadutse m'maso mwa oswa timabokosi aja. Choncho funso loyamba kwa wogulitsa likhale loti khobidili lakhala kuti zaka zonsezi. Ngati analigula pa intaneti chaka chatha, mawu anu agwira. Ngati ndi la chuma chamasiye, mwayi ulipo. Kungoti pa makobidi a mayiko ena ngati pond ndi peni ya chitaganyayo, sindingati kale ankaumira, ndingati ankasinthasintha. Oyeza a nthawi imeneyo anazolowera makobidi akwawo, ndipo ena achilendo ankawapondereza, ena n'kuwakweza.

Pa atatuwo, loyenera kulipatsa nthawi ndi pond. Malire a AU58 ndi MS61 kapena MS62 ndi pamene muyezo unasuntha kwambiri. Kale kakuperepeseka kalikonse pamalo otukuka kankatsitsira khobidi ku 58. Masiku ano lonyezimira bwino, lokhala ndi kokhudzika kochepa kochokera m'thumba kapena m'kabati, nthawi zina limapatsidwa 61 kapena 62. Pa golide wa Kruger sitepe imeneyo ndi ndalama yooneka.

Kayang'anidwe kake: zimitsani magetsi ena onse, musiye babu limodzi kapena tochi ya diso limodzi, osati chubu chachitali kapena dzuwa la pabwalo, chifukwa kuwala kofalikira kumabisa timizere. Yambani ndi maso okha. Gwirani kabokosi m'mbali, mukapendeke pang'ono n'kumakazunguza. Pa khobidi losayenda, kuwala kumazungulira ngati masipoko a njinga, osadukiza. Pamene padutsa zala kapena nsalu, kuwalako kumafa ndipo mtundu umasintha pang'ono. Pa Kruger onani nsidze, tsaya, ndevu ndi tsitsi la pamwamba pa khutu. Kuseri onani chifuwa cha chiwombankhanga chili pamwamba pa chishango. Pa Morgan ndi tsaya, tsitsi la pamwamba pa khutu ndi chifuwa cha chiwombankhanga. Ngati kuwala kwafa pamalo otukuka okha koma pabwalo losalala kudakali kwathunthu, ndi 58 yamphamvu. Ngati kwafanso pabwalo, 58 yomweyo analikomera mtima. Kenako tengani galasi la 5x. La 10x lisungireni kufufuza chinyengo. Poyeza giredi limakuopsezani ndi tinthu tosawerengedwa.

Pulasitiki ya zaka 30 imakhala yokalikakalika, ndipo anthu ambiri amanamizira khobidi. Pendekani: kokalika ka pa pulasitiki kamasuntha poyerekeza ndi chithunzi cha pansi pake ndipo kamaponya kamthunzi, pamene ka pa khobidi kamakhala pomwepo. Timizere tambiri topyapyala toloza mbali imodzi, tooneka pa kupendeka kumodzi kokha, ndi chizindikiro choti linapukutidwa.

Tsono kabokosi kenikeniko. Mu 1989 kunatuluka ma rattler abodza, ndipo n'chifukwa chake PCGS inasintha kapangidwe n'kuwonjezera hologram ndi barcode. Pambuyo pake kunabwera timabokosi tabodza tambiri tokopera nambala zenizeni. Lowetsani nambala ya pa kapepala pa webusaiti ya PCGS kapena NGC. Chaka, mtundu ndi giredi zigwirizane. Zikasiyana, thawani. Zikagwirizana musasangalale msanga, chifukwa timabokosi takale nthawi zambiri tilibe chithunzi chofananitsira, ndipo wakuba amakopera nambala yoona. Onani polumikizira ponse ndi galasi: guluu, mng'alu kapena pomatidwa mosiyana ndi pena ndiye kuti kanatsegulidwapo. Sikelo sikuthandizani khobidi lili mkati, ngakhale tikudziwa kuti Morgan ndi magalamu 26.73 ndipo pond ndi pafupifupi magalamu 8, chifukwa timabokosi sitilemera mofanana. Maginito amphamvu amagwira ntchito kudzera m'pulasitiki: golide, siliva ndi mkuwa sizikokedwa. Kungoti kusakokedwa sikutsimikizira kanthu, zabodza zambiri nazonso sizikokedwa.

Dziwaninso kuti timabokosi takale timaphimba m'mphepete monse. Ma pond ambiri anakhalapo pa unyolo wa wotchi kapena pa mkanda, ndipo chipsera cha powotcherera chimakhala m'mphepete momwemo. Chokulimbitsani mtima n'choti zaka zimenezo PCGS ndi NGC sankatsekera n'komwe khobidi limene aliona kuti linatsukidwa kapena kukonzedwa, ankalibweza m'kathumba. Ngati kabokosi n'koona, ndiye kuti wina anaona m'mphepetemo asanatseke.

Wa pa Kamwendo

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Peniyo yaderadi kuzungulira bowo. Wogulitsa yemweyo alinso ndi dola ina yopanda kabokosi, ili ndi satifiketi ya ANACS ya chithunzi, yolembedwa MS63/65. Imeneyo tiiwerenge bwanji? Ndipo pond ikaoneka yamphamvu, itumizidwe motani kuti isatsike?

Wa ku Santhe

Satifiketiyo ndi nkhani ina, achimwene, ndipo apa mawu oti kale ankaumira amatembenuka. ANACS, bungwe lina loyeza makobidi, inayamba mu 1972 pansi pa American Numismatic Association, poyamba kungotsimikizira kuti khobidi ndi lenileni. Magiredi inayamba kupereka mu 1979, ndipo timabokosi inadzayamba mu 1989. Manambala awiriwo ndi a mbali ziwiri, 63 kumaso, 65 kuseri, ndipo msika umatsata kumaso kapena nambala yotsikayo. Koyambirira kwa m'ma 1980 muyezo unali wofewa kuposa wa 1986, motero 65 ya pa mapepala oyambirira nthawi zambiri siifika 65 ya rattler. Choipa china, pepala ndi khobidi zimayenda padera. Fananitsani chipsera chilichonse cha pa chithunzi ndi cha pa khobidi. Chimene chili pa chithunzi koma pa khobidi palibe, ndiye kuti lasinthidwa kapena lakonzedwa. Chimene chili pa khobidi koma pa chithunzi palibe, chabwera pambuyo. Igulani ngati khobidi losayezedwa. Timabokosi toyera tating'ono ta ANACS tili ndi mbiri yabwinopo, koma muwerenge kapepala konse, chifukwa iwo ankatsekeranso makobidi otsukidwa n'kulemba vutolo pansi pa giredi.

Za pond, musaswe nokha ndi pulayala. Mukatero giredi ndi chitsimikizo zatha, ndipo lero likhoza kubwerera ndi mawu oti Details kapena Genuine m'malo mwa nambala yoyera, ngati oyeza atsopano aona timizere timene akale anatikhululukira. Litumizeni lili m'kabokosi kake. Ku PCGS, Reconsideration ndiyo yoyenera: amaliyang'ana lili momwemo ndipo amaswa pokhapokha ngati likukwera, apo ayi limabwerera ndi kapepala kake kobiriwira. Regrade amaswa kaye, kabokosi kakale n'kutayika ngakhale giredi itakhala yomweyo. Reholder ndi kungosintha pulasitiki. Mukafuna kulisamutsira ku NGC, imeneyo ndi CrossOver, ndipo pa fomu mulembe giredi yotsikitsitsa imene mungavomere, AU58, kuti likapanda kufikapo libwerere losatsegulidwa. Pamafunika umembala kapena kudzera mwa wamalonda wovomerezeka; PCGS ili ndi ofesi ku Paris, NGC ku London ndi ku Munich. Masitika a kampani ya CAC, obiriwira ndi agolide, amene amamatidwa pa kabokosi povomereza giredi ndipo anayamba mu 2007, ndi a makobidi a ku America, ndiye pa atatuwa angakhudze Morgan yokha.

Peniyo ikambiraneni pa mtengo wa RB.