The Poet X ndigule kapena tikungogula mendulo?

Mai a Tada: Abale ndithandizeni nzeru. Achimwene ali ku Leeds akubwera Disembala ndiye akuti ndisankhe buku limodzi la Tada, limodzi basi poti sutikesi yadzadza kale ndi nsapato za anthu. Ndinasankha The Poet X ya Elizabeth Acevedo poona mphoto zomwe inawina, koma anditumizira chithunzi cha mkati ndafooka, tsamba lonse timizere tochepa kwinako mbee. Ndalama zonsezo kugula pepala loyera zoona?

Nabanda: kkkkk achemwali si pepala loyera ayi, ndi nkhani yolembedwa mwa ndakatulo. Gulani osaganiza kawiri. Inatenga National Book Award ya achinyamata mu 2018, kenako Printz mu 2019, zonse ziwiri mphoto za ku America, chaka chomwecho nkutenganso Carnegie Medal ya ku Britain. Carnegie yo inayamba 1936 koma Acevedo ndi munthu woyamba wosakhala mzungu kuiwina, tangoganizani zaka zonsezo.

Che Jafali: Ine za mamendulo zinanditopetsa. Amasankha ndi akuluakulu, makamaka a m'malaibulale, osati ana. Taonani Printz ya 2018, inapita kwa We Are Okay ya Nina LaCour pomwe The Hate U Give ya Angie Thomas inangopatsidwa Honor, koma funsani mwana aliyense wowerenga kuti akudziwa iti. Mpaka filimu inatuluka chaka chomwecho. Mukafuna buku lonenepa loti mwana akhale nalo holide yonse tengani ya Angie Thomas.

Nabanda: Che Jafali ndiye mwayamba kuyeza buku pa sikelo ngati nyama ya pa butchala?

Che Jafali: Ngati ndalama zake ndi mapaundi eya mayi, ndiyeza.

Aphunzitsi Gondwe: Ndilowererepo pang'ono. Honor si kuluza, ndiye kuti linafika kumapeto, ndipo Printz amati amayang'ana luso la kalembedwe osati kuti lagulidwa bwanji, nde Che Jafali simukunama koma mukuwaimba mlandu pa chinthu chomwe sanalonjeze. Koma funso langa kwa Mai a Tada ndi lakuti, Tadayo amawerenga? Chifukwa ine ndili ndi atsikana a Fomu 3 omwe ukawapatsa buku lalikulu amangoliika pansi pa pilo mwezi wonse nkubweza lili ndi mafuta a tsitsi pachikuto, koma la ndakatuloli mmodzi anamaliza masiku awiri nkuyamba kulemba zake kumbuyo kwa kope la Biology, ndinachita kumulanda.

Mai a Tada: Kuwerenga kwake nkwa pa foni aphunzitsi, tisanamizane. Nkhani yake ndi yotani kodi?

Aphunzitsi Gondwe: Mtsikana dzina lake Xiomara, wa ku Harlem ku New York, makolo ake ochokera ku Dominican Republic. Mayi ake ndi Mkatolika wolimba, akumukakamiza maphunziro a Ulimbitso pomwe iye mtima uli ku gulu la alakatuli kusukulu, ndiye pali kamnyamata kenanso. Pena pali mawu a Chisipanishi koma sasokoneza. Pomwe mayi aja anapeza kope lake la ndakatulo nkuliotcha ndinatseka kaye buku.

Nabanda: Aphunzitsi mwaulula nkhanitu!! anthu sanawerenge

Mai a Tada: Iii dikirani kaye, mwana wokana Ulimbitso? Wangayu akulimbitsidwa chaka chamawa ndipo agogo ake ndi a Legio, mukufuna andithamangitse pamudzi?

Che Jafali: Mwaona, mendulo zitatu koma palibe inakuuzani zimenezo kkkk. Ngakhale ya Angie Thomas ija musaiyese yofewa, ndi ya mtsikana woona mnzake akuwomberedwa ndi wapolisi, ndipo mawu otukwana alimo ndithu.

Mai a Tada: Basi ndawauza achimwene agule la ndakatulo lomwelo, ndiyamba ndine kuwerenga usiku iye atagona. Akuti ayang'ana kaye m'mashopu a zakale mwina alipeza lotchipa, likapezeka lachiwirilo alipanikiza mkati mwa jekete.

Nabanda: Mukamaliza ndine wachiwiri pamzere, Tada adikire.