Thandizo pa kumasulira mawu aulemu a Chisipanishi m'Chingerezi

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa Chisipanishi ndi Chingerezi. Ndikumasulira zokambirana za alimi a ku Boyacá, m'dziko la Colombia, ndipo chimene chandisowetsa mtendere ndi mawu amene anthuwa amagwiritsa ntchito polankhula ndi munthu maso ndi maso.

Chisipanishi chimasiyanitsa "tú" ndi "usted", monga mmene ife timasiyanitsira "iwe" ndi "inu", pamene Chingerezi chili ndi "you" yekha. Kuderali amanenanso "sumercé", mawu ochokera ku "su merced", amene mwana angauze amayi ake posonyeza ulemu ndi chikondi nthawi imodzi. Ndikalemba "madam", ulemu umatsala koma chikondicho chimazimiririka, ndipo mwanayo amamveka ngati wantchito. Palinso "don" ndi "doña", amene amatsogolera dzina loyamba la munthu, pamene "Mr" amayendera dzina la makolo.

Kodi ndi bwino kusiya mawuwa monga alili n'kuwafotokoza kamodzi koyambirira? Nanga munthu akasiya "usted" n'kuyamba "tú" mkati mwa nkhani, kusonyeza kuti azolowerana, inu mumakuonetsa bwanji kusinthako m'Chingerezi?