Giza ikundimaliza mayunitsi, kodi heat pump imathandizadi?

Mayi_wa_ku_47:
Abale ndithandizeni maganizo. Pakhomo pano tilipo anthu 6 ndipo giza yathu ya malita 150 ikumwa mayunitsi koopsa, ndikagula Lolemba pofika Lachinayi mita yayamba kale kulira. Alamu anga akuti ndiikitse heat pump koma ine sindikumvetsa, chinthu choyendera magetsi omwewo chingachepetse bwanji bilu? Alipo ali nayo kwawo?

WakuJoni:
Mayi, ine ndili nayo kuno ku Johannesburg, chaka chachitatu chino. Mukagwira kumbuyo kwa firiji mumamva kutentha eti? Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti apa kutenthako ndi komwe tikukufuna. Imakoka kutentha mumpweya wa panja nkukakuthira m'madzi, magetsi amangoyendetsa kompresa ndi fani basi. Madzi a malita 150 kuti achoke pa madigiri 20 kufika pa 60, element, chitsulo chotenthetsa madzi cha mu giza chija, imadya mayunitsi pafupifupi 7, pomwe heat pump ntchito yomweyo imagwira ndi awiri kapena atatu. Thanki sindinasinthe, anangolumikiza mapaipi ku giza yakale ija.

Koma isakunamizeni kuti ndi yachangu, imatenthetsa pang'onopang'ono, ndiye June ndi July kuno kukazizira mpaka udzu kuyera mmawa imavutika ndithu, ine ndinaitchera kuti iziyaka masana kukafunda madzi nkumadikira muthanki. China ndi phokoso, imalira ngati aircon. Anyamata oika aja anaikhoma pansi pa windo la kuchipinda, amayi akunyumba sanagone masiku atatu mpaka ndinalipiranso kuti aisunthe kkkk

Pulamba_wa_ku_Biwi:
Zonse anenazi nzoona koma kumudzi kuno nkhani ndi ina bwana. Mkati muja muli kompresa, ndiye magetsi akamabwera ofooka kapena kuthimathima ndi yomwe imayamba kupsa, musaiyatse opanda chotetezera ngati firiji gadi ija. Ndipo ikafa si ine pulamba ndingaikonze ayi, pamafunika wa mafiriji wodziwa za gasi. Musanapereke ndalama mufunse wogulitsayo kuti masipeya ali nawo pompano kapena mpaka aitanitse kunja, mungasambe madzi a pa mbaula miyezi iwiri chinthu chodula chili pakhoma. Ngati madzi anu ndi a pa mjigo amchere aja, mkati mumamera zoyera ngati za mu ketulo, timapaipi take nting'onoting'ono sitichedwa kutsekeka.

Ine Lilongwe mmene dzuwa limawombera muno ndikanayamba ndafunsa mtengo wa giza ya sola.

Mphwanga265:
Anthu 6 osamba tsiku lililonse ndalama yanu ibwerera, akanakhala awiri ndikanati musavutike. Koma kaye giza yanuyo imakhala yoyaka usana ndi usiku? Ikani timer ndi kukutira mapaipi a madzi otentha, muone mwezi umodzi mita ikuti bwanji.

Mayi_wa_ku_47:
Zikomo nonse. A Mphwanga mwandigwira, switch yake ili kuseri kwa kabati ndiye palibe amaikhudza chilowereni m'nyumba muno. A Pulamba, madzi athu ndi a pa mpopi a Water Board, koma za solazi, nanga mitambo ya mu January ija ana asamba chani popita kusukulu?

Pulamba_wa_ku_Biwi:
Mugule yokhala ndi element mkati mayi, tsiku la mvula mumangoyatsa ola limodzi kapena awiri.