Ndizame pa matemba okha, kapena ndilowe za kolera?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene munadutsa kale njira ya PhD, ndigawireniko nzeru.

Masters yanga inali ya sayansi ya nsomba, ndipo ndinafufuza matemba a m'nyanja ya Chilwa. Amene ankandiyang'anira akufuna ndipitirize pomwepo: kuswana kwa matemba ndi mmene amachulukiranso nyanja ikauma, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995. Koma gulu lina lofufuza zaumoyo likufuna munthu wodziwa nsomba pa kafukufuku wa kolera pakati pa asodzi okhala pa zimbowera, tinyumba toyandama panyanjapo.

Kunena zoona mtima uli ku kolera. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo msodzi wa pachimbowera amamwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo. Adokotala amadziwa katemera, koma nthawi imene asodzi amasamuka potsata nsomba, kapena kumene amapita nyanja ikatsekedwa, timadziwa ndife. Ukafika ndi katemera wachiwiri anthu atachoka kale, wagwira ntchito yanji?

Chikundiopsa n'chakuti ndingadzakhale mleme: a nsomba n'kumati ndine wa zachipatala, a zachipatala n'kumati ndine wa nsomba. Mayunivesite akamasaka mphunzitsi amatchula phunziro limodzi basi. Komanso za nsomba zili ku LUANAR ndi ku Mzuni pamene zachipatala zili ku KUHeS, imene inaima payokha mu 2021, ndiye kuti ondiyang'anira adzakhala m'mayunivesite awiri. Alipo amene anayesapo zotere? Ntchito munaipeza?

MAYANKHO

Achimwene, ine ndimaphunzitsa ndipo ndakhalapo pa mayeso olemba anthu ntchito. Timayang'ana dzina la digiri ndi mapepala amene munasindikiza. Lembetsani PhD ku dipatimenti ya nsomba, kolera ikhale mitu iwiri mkati mwake. Mukatero simuluza mbali iliyonse.

Musaiwale chilolezo. Matemba safunsidwa maganizo, koma mukayamba kufunsa anthu za matenda muyenera kudutsa ku komiti yoona za kafukufuku wokhudza anthu, monga COMREC kapena NHSRC. Zimatenga nthawi, ziwerengereni pa kalendala yanu.

Ine ndikutsutsana nawo aphunzitsiwo pang'ono. Mitu iwiri yongomata siikhutiritsa aliyense, oyesa a mbali zonse adzati n'zosazama. Ndalama za kafukufuku masiku ano zili kwa amene akulumikiza nyengo, umoyo ndi chakudya, makamaka chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023. Chachikulu, oyang'anira awiriwo akhale pansi limodzi musanayambe, agwirizane molemba funso lenileni la kafukufukuyo ndi magazini amene mudzasindikizemo. Anzanga ena anachedwa kumaliza chifukwa wina ankafuna manambala, wina nkhani za asodzi.

Zikomo nonse. Aphunzitsi, ngati digiri ndi ya nsomba koma mapepala ambiri atuluka m'magazini a zaumoyo, pa mayeso a ntchito mumawawerengera?